Bwato likungokhota popalasa: vuto ndi nkhafi, kakhalidwe kapena bwatolo?

Chisomo_K

Moni akuluakulu. Funso langa ndi la bwato lotseguka pamwamba, lija la anthu awiri lotalika pafupifupi mamita 5, lopalasa ndi nkhafi yophwatalala mbali imodzi. N'chifukwa chiyani wongoyamba kumene akamapalasa kumanja bwato limathawira kumanzere, akasinthira kumanzere limabwereranso kumanja, ulendo wonse kungoyenda ngati njoka? Opikisana pa Olimpiki aja amapalasa mbali imodzi mpaka kumapeto koma bwato osakhota. Kapena mabwato awo ali ndi chiwongolero? Mundiuzekonso zoyenera kuchita likagubuduzika pakati pa madzi.

NkhafiYakumanja

A Chisomo, bwatolo lilibe mlandu. Nkhafi imalowa m'madzi chapambali, osati pakati pa bwato, ndiye mukakoka kulikonse mumalikankhira kutsogolo komanso mumalipotoza pang'ono kupita mbali yomwe simukupalasa. Ntchito yanu ndi kuchepetsa kupotozako, kenako kubweza komwe kwatsala.

Kuchepetsa kuli pa zinthu zitatu. Mpini wa nkhafi uime chilili, dzanja la pamwamba lituluke kunja mpaka likhale pamwamba pa madzi, osati pachifuwa panu. Mpini ukapendekeka, nkhafi imakalowa kutali ndi bwato, ndipo kukoka kumeneko n'kokhotetsa basi. Chachiwiri, musamatsatire m'mphepete mwa bwato pokoka, chifukwa m'mphepetemo ndi mopindika. Kokani mowongoka motsata mzere wapakati wa bwato. Chachitatu, tulutsani nkhafi ikafika m'chiuno. Ikapitirira pamenepo sikukankhanso bwato, ikungonyamula madzi m'mwamba n'kumizira kumbuyo kwa bwato pansi.

Kubweza ndiye kapalasidwe ka J, komwe nkhafi imayenda m'madzi ngati ikulemba chilembo cha J. Nkhafi ikafika m'chiuno, potozani dzanja la pamwamba kuti chala chachikulu chiloze kutsogolo ndi pansi. Mbali ya nkhafi yomwe imakoka madzi itembenukira kunja. Ikankhireni kunjako pang'ono, kachigawo ka sekondi chabe, kenako tulutsani. Ambiri amapotoza mobwerera, chala n'kuloza kumwamba. Bwato limawongoka ndithu, koma nkhafiyo imakhala ngati mabuleki, liwiro lonse limathera pomwepo. Dzanja likamapweteka masiku oyamba musadabwe, n'kupotozako.

Mukakhala awiri, palasani mbali zosiyana koma nthawi imodzi. Wakutsogolo ndiye amapereka liwiro, wakumbuyo amatsatira ndi kuwongolera. Ngakhale zili choncho, bwato lidzakhoterabe mbali yomwe wakumbuyo sakupalasa, choncho J ndi ntchito ya wakumbuyoyo. Wakutsogolo asavutike naye.

Kutalika kwa nkhafi: khalani pa mpando wolimba, yezani kuchokera pa mpandopo kufika pamphuno. Umenewo ndiye mpini, kophwatalala osawerengera.

Mayi_Tadala

Zonse zomwe anena a NkhafiYakumanja n'zoona, koma munthu akhoza kudziwa J bwinobwino bwato n'kumamukanabe ngati katundu sanakhale bwino. Musanapalase n'komwe, wina aime pagombe aone bwatolo chapambali. Liyenera kukhala pamadzi mofanana, kapena kumbuyo kuzame pang'ono chabe. Wolemera akakhala kutsogolo, mphuno ya bwato imakumba madzi ndipo kumbuyo kumangogwedezeka uku ndi uku.

Vuto lalikulu limaoneka munthu akakhala yekha pa mpando wakumbuyo wa bwato la anthu awiri. Kutsogolo konse kumanyamuka, kamphepo kochepa n'kulizunguza. Ngati bwato n'lofanana mbali zonse, khalani pa mpando wakutsogolo mutayang'ana kumbuyo, mukhala pafupi ndi pakati. Apo ayi gwadani chapakati, kapena ikani chigubu cha madzi cha malita 20 kutsogolo. Pa nkhani ya mphepo kumbukirani kuti mbali yolemera imagwira madzi, yopepuka ndiyo imauluzika. Mukamalimbana ndi mphepo sunthirani kulemera kutsogolo. Ikamachokera kumbuyo, sunthirani kumbuyo.

Ndipo musamachite manyazi ndi kusintha mbali. Opikisana mitunda italiitali ku United States ndi ku Canada amasintha dala pakapita kukoka kangapo, wakumbuyo akafuula onse amasinthira limodzi, ndipo nkhafi zawo zimakhala zopindika pang'ono pamene mpini wathera. Kumeneko J amamuona ngati wotaya liwiro. Chosiyanitsa n'chakuti iwo amasintha bwato lisanakhote, pomwe wophunzira amasintha litakhota kale.

C1_Mpikisano

Za chiwongolero, ayi, mabwato ampikisano a C1 (a munthu mmodzi) ndi C2 (a anthu awiri) alibe, malamulo salola. Omwe ali nacho pa mpikisano wa liwiro ndi makayaki, aja munthu amakhala pansi atatambasula miyendo n'kumapalasa ndi nkhafi yophwatalala mbali zonse ziwiri; chiwongolerocho amachiyendetsa ndi mapazi. Wa C1 amagwada bondo limodzi, mwendo wina uli kutsogolo, ndipo amawongolera ndi nkhafi pamapeto pa kukoka kulikonse. Ndi J yemweyo, kungoti amachitika mwachangu moti diso silimugwira. Bwatolo silipitirira mamita 5.2, koma ndi lopyapyala kwambiri moti wosazolowera amagwa asanakoke n'kamodzi komwe. Musayambire pamenepo.

Masewerawa analowa mokwanira pa Olimpiki mu 1936 ku Berlin. Mitunda yake ndi mamita 200, 500 ndi 1000 pamadzi odekha. Amayi anayamba kupikisana pa mabwato a C pa masewera a Tokyo 2020, pomwe pa kayaki anayamba kale mu 1948. Mtundu wina ndi slalom, wa m'madzi othamanga, womwe unaoneka koyamba mu 1972 pa ngalande yochita kumanga ku Augsburg, kenako unasowa mpaka 1992 ku Barcelona. Pamenepo pamapachikidwa zipata pakati pa 18 ndi 25. Zobiriwira umadutsa motsika ndi madzi, zofiira mokwera. Kukhudza mtengo wa chipata akuwonjezera masekondi 2, kuchiphonya ndi masekondi 50, ndiye kuti mpikisano wakuthera.

WopulumutsaPamadzi

Funso lomaliza lija, la kugubuduzika kwa bwato, ndi limene limapha anthu, ndiye ndichedwapo. Jekete yoyandamitsa ikhale pathupi, yomangidwa, osati pansi pa mpando. Yesani chonchi: mnzanu aikoke m'mapewa, ikakwera mpaka m'makutu, m'madzi idzakuvukani. Kudziwa kusambira si chifukwa choisiyira. Madzi ozizira osafika madigiri 15 amachititsa munthu kukoka mpweya mosafuna akangogweramo, ndipo mutu ukakhala pansi nthawi imeneyo amakoka madzi. Mphindi yoyamba ingogwirani bwato mpaka mupume bwino.

Mabwato ambiri amagubuduzika pokwera ndi potsika, kapena onse awiri akapendekera mbali imodzi. Pondani pakati, weramani, manja agwire m'mphepete monse muwiri. Mafunde akakula gwadani pansi, ndipo muwakumane ndi mphuno ya bwato mopendeketsa pang'ono, osawapatsa nthiti.

Panyanja musalisiye bwato. Lamakono limayandama ngakhale litadzaza, ndipo okufunafunani amaliona msanga kuposa mutu wa munthu. Ngati pali bwato lina, lokhalokhalo ndilo chipulumutso: muike logubuduzikalo mopingasa, likadali chafufumimba, opulumutsa akokere mphuno yake pamwamba pa bwato lawo mpaka madzi onse atsanuke, alitembenuze, alibwezere m'madzi, aligwire mbali ina pamene inu mukukwerera mbali inayo. Madzi otsala mukape ndi chigubu chodula, chomwe chiyenera kumangidwa ndi kachingwe kafupi.

Mumtsinje malamulo asintha. Khalani kumtunda kwa bwato, komwe madzi akuchokera, nthawi zonse, chifukwa lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo bwato lodzaza likakupanikizani pamwala simungalikankhe. Gonani chagada, mapazi m'mwamba ataloza kumunsi. Musaime m'madzi othamanga opitirira m'maondo. Phazi likakodwa m'miyala madzi amakugwetsani chafufumimba. Mtengo wogwera mumtsinje muulambalale patali, madzi amadutsa m'nthambi koma inu ayi. Pa khoma lotchinga mtsinje lomwe madzi amasefukira pamwamba, ngakhale lalifupi, tsikani munyamule bwato: m'munsi mwake madzi amazungulira n'kumakubwezani pomwepo.

Chisomo_K

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga zimenezi zimagwiranso pa bwato losema pa mtengo umodzi?

Mayi_Tadala

Zimagwira, a Chisomo, poti madzi ndi omwewo. Bwato losema ndilo kholo la onsewa. Lomwe linapezeka ku Pesse m'dziko la Netherlands mu 1955 lili ndi zaka pafupifupi 10,000, ndipo la ku Dufuna ku Nigeria, lomwe linapezeka mu 1987, lili ndi zaka pafupifupi 8,000 ndipo n'lotalika mamita 8. Lotseguka lomwe mukufunsali linatengera mabwato a makungwa a eni nthaka a ku North America, omwe ankawasoka ndi mizu n'kumata utomoni kuti apepuke ponyamula pakati pa mitsinje.

Kusiyana kuli pa kulemera. Losema limachedwa kunyamuka, koma likayamba kuyenda silimvera mphepo msanga, ndipo likayamba kukhota limavutanso kubweza, choncho muziwongolera msanga ndiponso pang'onopang'ono. Pansi pake pakakhala pobulungira limagwedezeka kwambiri, ndiye khalani motsika, katundu wolemera agone pansi penipeni. Musaganize kuti lililonse limayandama likadzaza; mitengo ina yolimba ikamwa madzi imangotsala pang'ono kumira. Liyeseni dala pamadzi ofika m'chiuno musanapite nalo patali. Mukalitulutsa musalisiye padzuwa, kunja kumauma msanga kuposa mkati ndipo limang'aluka kuyambira kumapeto. Liikeni pamthunzi, pa mitengo iwiri kuti lisakhudze dothi.