Zomwe zachitika chifunsireni za mankhwala a mchemwali wanga

Miyezi iwiri yapitayo ndinafunsa ngati mchemwali wanga, yemwe ali ndi matenda a bipolar (matenda a maganizo ochititsa munthu kukhumudwa kwambiri nthawi zina ndi kusangalala mopitirira muyezo nthawi zina), angamwe fluoxetine, mankhwala ochepetsa kukhumudwa, pa nthawi yomwe anali atakhumudwa kwambiri moti ankangogona tsiku lonse, chakudya chikuzizirira pambali pake. Ambiri munandilangiza kuti tisayambe mankhwala aliwonse tisanaonane ndi dokotala wa matenda a maganizo, ndipo tinachitadi zimenezo.

Dokotala anatifotokozera kuti mankhwala ochepetsa kukhumudwa akamwedwa okha ndi munthu wa bipolar, amatha kumukankhira mbali inayo, ya kusangalala kopitirira muyezo, kusagona ndi kuchita zinthu mopupuluma. Kunena zoona, chimenechi ndi chomwe ndinkaopa kwambiri, chifukwa ndinamuonapo ali mmenemo. Choncho mchemwali wanga anapitiriza kumwa lithium, mankhwala okhazikitsa maganizo amene ankamwa kale, ndipo dokotala anamuwonjezera mankhwala ena, quetiapine womwa usiku, yemwe anamukwezera pang'onopang'ono mpaka mamiligalamu 300. Anamuyezanso magazi kuti aone kuchuluka kwa lithium m'thupi komanso mmene impso ndi chithokomiro zikugwirira ntchito, popeza lithium akachuluka amavulaza.

Masabata awiri oyamba anali ovuta, pakuti ankadzuka ali ndi tulo ndipo ankadandaula kuti kukamwa kukumuuma. Panopa wayambanso kusamba m'mawa osauzidwa, ndipo dzulo anakhala nane pakhonde n'kundifunsa za ana anga. Sanachire kwathunthu, wayambanso kunenepa, ndipo zimenezi tikazinena tikapitanso kukaonana ndi dokotala mwezi wamawa.