Nyumba zakale za alimi ku Wales, amazisungiranji?

WakuChinamwali: Anzanga tandithandizeni, mwana wanga ku Chanco amupatsa ntchito yolemba za nyumba zakale za alimi ku Wales, ku Britain uko, ndiye ine ndikungodabwa, zinyumba zakumudzi ngati zimenezo phindu lake nchani?

MayiWaMatawale: Achimwene musazione choncho. Zambiri zinali zazitali, mbali ina anthu mbali ina ng'ombe koma denga limodzi, khomo lolowera limodzinso, poti kuja kumazizira koopsa ndiye ziweto umazisamalira osatuluka panja. Makoma amiyala okhuthala opaka laimu, denga laudzu kapena lamasileti.

MnyamataWaMpondabwino: kkkk kugona ndi fungo la ndowe ine ayi ndithu

MphunzitsiWakuDomasi: Mwanayo afufuze za St Fagans pafupi ndi Cardiff, likulu la Wales, malo osungira zakale omwe anatsegulidwa mu 1948. Amaphwasula nyumba bwinobwino nkukaimanganso kumeneko momwe inalili. Kuli ina yofiira, Kennixton, anaichotsa ku Gower, dera lina la ku Wales konko. Ukalowa umaona momwe anthu ankaphikira, kugona, chilichonse.

WakuChinamwali: Zikomo aphunzitsi, ndimuuzanso akaone zakale zathu zija kumtunda kwa hotela ya Masongola kuno ku Zomba, afananize.