Oda ya madesiki a sukulu pamene magetsi akuzimazima

Wa ku Siyaso (malo a amisiri ku Harare, Zimbabwe): Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Sukulu ina yandipatsa oda ya madesiki a mafelemu achitsulo, akuwafuna teremu isanayambe. Koma kuno magetsi akumachoka m'mamawa n'kubwera anthu atagona. Kajenereta kanga ndikangoyatsa gilayinda kamazima. Ndiibweze odayi?

Malume a ku Mufakose: Musaibweze, mphwanga. Ntchitoyo muigawe pawiri. Masana yezani, lembani zizindikiro, dulani mapaipi onse ndi kuboola. Kuwotcherera muchite usiku magetsi akabwera. Koma poyamba pangani chikombole chachitsulo choti felemu iliyonse izilowamo musanaigwirize. Mukatero simuyezanso, anyamata aziyika ndi kuwotcherera basi, ndipo madesiki onse atuluka ofanana. Ku fakitale ya ku Willowvale komwe ndinkagwira ntchito tinkatero.

Mnyamata wa ku Gazaland: Vuto la jenereta ndi gilayinda yayikuluyo, imakoka moto wambiri poyamba kuzungulira. Gwiritsani yaying'ono. Ngati makina anu owotcherera ndi akale aja a transformer, bwerekani a inverter. Ndi marodi owotcherera a 2.5 mm pa ma amp 80 mpaka 90, jenereta ya 6 kVA yokhala ndi AVR (kachipangizo kokhazikitsa mphamvu ya magetsi) imakwanitsa, bola osayatsa gilayinda nthawi imodzi. Ifeyo tili nayo. Mukathira mafuta mutha kugwirira kuno masana.

Mayi a ku Glen View: Achimwene, zamagetsi akuuzani, ine ndinene za ndalama. Mwagwirizana kuti alipira mu chiyani? ZiG, ndalama ya dziko lino, inabwera mu Epulo 2024, pofika Seputembala chaka chomwecho inagwa ndi kupitirira 40 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi ma oda olipidwa pambuyo analira. Lembani mtengo mu madola a ku America, mutenge theka ntchito isanayambe, ndipo mugule chitsulo chonse tsiku lomwelo. Matabwa a pamwamba pa madesiki tipanga ife kuno, mutumize muyezo.

Wa ku Siyaso: Theka avomera. Chondidetsa nkhawa n'chakuti anandionetsa madesiki ochokera kunja otchipa kuposa anga.

Malume a ku Mufakose: Apo ndiye pagona nkhani yonse ya mafakitale m'dziko muno. Kampani ya zitsulo ya Zisco ku Redcliff itasiya kutulutsa chitsulo mu 2008, aliyense wogwira zitsulo anayamba kudalira chakunja, chokwera mtengo chisanafike n'komwe pa shopu. Tsono mupikisana bwanji ndi amene chitsulo ndi magetsi ali nazo pakhomo? Ku Hwange anawonjezera makina awiri opangira magetsi mu 2023, a 600 MW onse pamodzi, koma madzi akachepa ku damu la magetsi la Kariba timabwerera pomwepo. Chimene chikundipatsa chiyembekezo ndi fakitale ya ku Manhize, kufupi ndi Mvuma, komwe anayamba kusungunula chitsulo mu 2024. Koma ndinene mosabisa, chitsulo chimenecho chitithandiza pokhapokha chikamasandutsidwa mapaipi ndi malata konkuno pa mtengo woti munthu wa ku Siyaso n'kufikira. Chikamangokwera magalimoto kupita kunja, ife tikhala momwemu.

Mayi a ku Glen View: Zoona, malume. Pakadali pano tili ndi chimodzi chimene wakunja alibe: desiki ikathyoka, tili pafupi. Achimwene, lembani m'pangano kuti chaka choyamba mudzakonza ulere paliponse pamene padzamasuke. Komanso muwafunse kuti paipi ya madesiki otchipawo ndi yokhuthala bwanji. Inu ikani ya 1.6 mm, muwatengere kachidutswa aigwire okha.

Mnyamata wa ku Gazaland: Ndipo chitsulocho tigulire pamodzi. Nafenso tili ndi oda ya mageti, tikaphatikiza atitsitsira mtengo, galimoto n'kukhala imodzi.

Wa ku Siyaso: Zikomo kwambiri nonse. Odayi ndaitenga. Mawa ndipanga chikombole, malume mudzachione ndisanayambe kudula. Mayi, muyezo wa matabwa ndikutumizirani madzulo ano. Achimwene a ku Gazaland, tikagule chitsulo Lolemba m'mawa.