Ndisankhe Bonaire Kapena Maldives?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikukonzekera ulendo wokasambira pansi pa nyanja mu Ogasiti, koma ndasokonezeka posankha pakati pa Bonaire ndi Maldives. Satifiketi yanga yosambira pansi pa nyanja ndi ya Open Water, ya ongoyamba kumene, yomwe imandilola kutsika mamita 18 okha. Ndinafunsa makampani awiri okonza maulendo, koma iliyonse inkangotamanda malo amene imatengerako anthu. Ndinawerenganso kuti ku Hanifaru Bay, ku Maldives, komwe ndinkafuna kukaona nsomba za manta, salola kusambira ndi mabotolo a mpweya, ndipo zimenezi zinandifooketsa. Ku Bonaire munthu amatha kulowa m'madzi kuchokera pagombe popanda bwato, koma ndikuopa kuti nsomba zikuluzikulu ndikaziona mwa apo ndi apo. Inu amene munapitako, kodi madzi othamanga a ku Maldives angandivute ine wongoyamba kumene?