Galu wanga akulira ngati nkhumba pakhosi, ndithandizeni

Abale anga pagulu pano, mwaswera bwanji? Ndili ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo mtima wanga suli m'malo. Tili ndi galu wamphongo wa zaka 4, dzina lake Kambuku. Tinamutenga ali kamwana kosaona bwino, ana anga ndi amene anamulera ndi phala.

Kuyambira Lamulungu wayamba zachilendo. Amati ali chigonere pansi pa mtengo wa mango, mwadzidzidzi n'kudzambatuka, miyendo yakutsogolo atatambasula, khosi lili gwa. Kenako amakoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu, hoo hoo hoo, ngati nkhumba, pakamwa pali chitsekere, nthiti zikuchita kuonekera. Sipatha ndi mphindi imodzi yomwe. Akameza malovu amadzikutumula n'kupita kukamwa madzi ngati palibe chachitika. Dzulo lokha wachita katatu.

Kudya akudya bwino. Koma Loweruka mwana anamupatsa zotsala za mlamba wouma wa ku Chilwa, ndiye bambo a kunyumba akuti watsamwa ndi munga, akufuna amupise dzanja kukhosi. Ine ndawakaniza. Chikundiopsa n'chakuti chaka chino katemera wa chiwewe anatiphonya, tsiku limene ankabaya agalu ine ndinali kumaliro ku Jali. Analandira chaka chatha basi.

Kuwonjezera apo apongozi anga akuti galuyu achoke pakhomo, chifukwa m'bandakucha amalira mokweza, uuuu, mutu atayang'ana kumwamba. Akuti ndi malodza, akuitana maliro. Ana akumva zimenezi akulira. Kodi alipo amene galu wake anachitapo zotere?

Mlimi wa ku Thondwe: Mayi, choyamba muwauze bambowo asayerekeze kupisa dzanja m'kamwa mwa galu. Chiwewe chikafika pakhosi galu amalephera kumeza, chibwano chimalendewera, dovu lili chuchuchu, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti watsamwa ndi fupa. Apisa dzanja, malovu alowa pakabala, basi matenda atenga. Mawu ouwira amasinthanso, amasasa. Mwana akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, muthamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwini funso: Zikomo achimwene. Dovu alibe, madzi akumwa bwinobwino, akauwa mawu ndi omwe aja. Usiku wathawu anathamangitsa mphaka mpaka kumpanda.

Mayi a mapasa, Matawale: Achemwali, mmene mwafotokozeramu ndamuona galu wanga ndendende. Ine tsiku loyamba ndinakuwa, ndimati akufa. A dokotala a ziweto atandiuza ndinapuma: ndi kuyetsemula, koma kobwerera m'kati. Ife tikamayetsemula timatulutsa mpweya kunja, iye amaukokera m'kati chifukwa china chake chikumunyerenyetsa kuseri kwa mphuno, kumtunda kwa pakhosi. Likhoza kukhala fumbi, utsi, kanjere ka udzu, ngakhale fungo la sopo kapena mankhwala opopera udzudzu. Taonani nyengo ino ya Okutobala, fumbi lili koboo, anthu akutentha zinyalala m'minda, kuphiri nako moto usiku ulionse. Wanga amayamba ndikangosesa pabwalo osawaza madzi.

Zikamugwira musamukalipire. Musisiteni pakhosi pang'onopang'ono mukumulankhula, akameza malovu zimaleka. Ine ndinayamba kuwaza madzi ndisanasese, ndipo ndinamuchotsa pafupi ndi khitchini pomwe pamafuka utsi wa mbaula. Pano zimachitika mwa apo ndi apo. Koma mukaona mamina kapena magazi m'mphuno, kapena akukanda mphuno ndi phazi osaleka, ndiye kuti muli kanthu, apite akamuone.

Mlimi wa ku Thondwe: Akumwa madzi ndiponso akudya, zikulimbitsa mtima. Komabe mpaka a vetenale amuone, mumumangirire ndipo ana asamanyambitidwe kumaso.

Mnyamata wa ku Sadzi: Amayi, mumvetsetse ngati akukoka mpweya kapena akuutulutsa. Wanga ankatulutsa, kho kho kho, kumapeto n'kuchita ngati akusanza, kutuluka kathovu koyera. Chimenecho ndi chifuwa chopatsirana, anachitenga kwa agalu a aneba, ndipo chinatenga pafupifupi sabata ziwiri. Unyolo ukamukoka pakhosi chimakula. Mumujambule kavidiyo pafoni zikayamba, chifukwa mukafika naye kwa dokotala adzangokhala phee akugwedeza mchira.

Agogo aamuna, Domasi: Mwana wanga, za kulira kwa m'bandakuchazo ndiyankhepo ine. Ndasunga agalu kuyambira ndili mnyamata, osaka ndi apakhomo omwe. Galu akamva mawu aatali okwera, kaya ndi kuitanira mapemphero kumzikiti, ambulansi, kaya mnzake akulira kutali, amayankha. Ndi chibadwa chawo, amaitanizana choncho. Makutu awo amamva zimene ife sitimva, n'chifukwa chake timaona ngati akulira popanda chifukwa. Galu wamkazi akakhala pa nyengo yake m'mudzimo, amphongo omangidwa amalira usiku wonse. Tamvetserani mawa, muone ngati sakuyamba nthawi imodzi ndi zokuzira mawu za kumzikiti. Apongozi anu musakangane nawo, tonse tinakula tikumva zimenezo. Adzutseni mwaulemu amve okha.

Mwini funso: Agogo, mwalasa. Lero ndinadzuka 4 koloko isanakwane n'kukhala pakhonde. Atangoyamba kumzikiti, Kambuku naye mutu m'mwamba, agalu a kutsidya kwa msewu nawonso n'kulandira. Atasiya, onse zii. Apongozi anali pazenera, sanayankhe kanthu, koma nsima yotsala anakamuikira okha m'mbale yake.

Kavidiyo ndajambula masana ano atayambanso, ndipo akukoka mpweya, sakutsokomola. Ndinamusisita pakhosi monga mwanenera mayi a mapasa, anameza kawiri n'kuleka. Mawa m'mawa tipita naye ku ofesi ya za ziweto akamuone kukhosi ndi kumubaya katemera. Wakabaza wakana kumunyamula, ndiye tiyenda wapansi kusanatenthe. Amene munapitako posachedwa, kodi khadi lake la katemera la chaka chatha ndilitenge? Linanyowa ndi mvula koma dzina ndi tsiku zikuwerengeka.