Kodi nyongolotsi ya velvet worm imagwira bwanji nyama yake?

Mphunzitsi wa ku Matawale:
Ophunzira anga anaona kanema wa kachilombo kooneka ngati bongololo wofewa, kakulavulira nkhululu zinthu zoyera mpaka nkhululuyo inalephera kudumpha. Anandifunsa ngati zoyerazo ndi ululu, ndipo ndisanawayankhe ndikupempha amene akudziwa bwino andifotokozere mmene kachilomboka kamasakira.

Wa ku Chinamwali:
Aphunzitsi, zoyerazo si ululu ayi, koma zili ngati ulimbo umene tinkatchera nawo mbalame tili ana. Kachilomboka kali m'gulu la Onychophora ndipo kamasaka usiku, pang'onopang'ono, kakufufuza ndi tinyanga take. Kakakhudza chiswe, nkhululu kapena kangaude, kamapopera ulimbowo kuchokera m'timapayipi tiwiri tofewa tokhala mbali zonse ziwiri za pakamwa pake. Ulimbowo umatuluka uli wamadzimadzi, koma nyamayo ikayamba kuphiriphitha umasanduka tiulusi tolimba, moti kulimbana kwake komweko ndiko kumaimanga. Kenako kachilomboka kamaboola khungu la nyamayo ndi nsagwada zake, n'kuthiramo malovu amene amasungunula zam'kati, n'kumayamwa. Kamadyanso ulimbo wake womwe, chifukwa uli ndi mapuloteni ambiri amene thupi limatenga nthawi kuti liwapangenso.

Mayi wa ku Domasi:
Chimene chimandichititsa chidwi ine ndi mmene ulimbowo umamwazikira ngati ukonde. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anaonetsa kuti timapayipito timagwedezeka tokha chifukwa cha liwiro la madziwo, monga payipi yothirira m'dimba imachitira mukatsegula mpopi kwambiri n'kuitaya pansi. Si minofu imene imatigwedeza mofulumira chotero, ndipo ndikuganiza kuti ophunzira anu angamvetse bwino mutawasonyeza ndi payipi yeniyeni pabwalo la sukulu.

Wa ku Chinamwali:
Mwanena zoona, mayi. Ndiwonjezere kuti tizilomboti timauma msanga thupi, n'chifukwa chake timakhala m'mitengo yowola ndi pansi pa masamba onyowa, malo ofanana ndi amene mumawaona mukakwera phiri la Zomba n'kutsata mtsinje wa Mulunguzi nthawi ya dzinja. Muno mu Africa, mitundu yodziwika kwambiri imapezeka ku South Africa. Ku Australia kuli mtundu wina umene umasaka pagulu, ndipo yaikazi yolamulira gululo ndiyo imayamba kudya.

Mphunzitsi wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri nonse. Payipi tili nayo kumunda wa sukulu, ndipo Lolemba ndiyamba ndi imeneyo.