Filimu yakuda ndi yoyera ya 1948 yandisowetsa tulo, alipo ena amaonera zoterezi?

Chembe94

Moni nonse abale. Ndili ndi funso koma ndiyambe ndafotokoza kaye. Loweruka lapitali msuweni wanga anandiponyera filimu mu flashi akuti uonere iyi usaiderere poti ilibe mitundu. Dzina lake Bicycle Thieves, ya ku Italy, inatuluka mu 1948, anaipanga ndi Vittorio De Sica. Nkhani yake ndiyachidule zedi, bambo wina Antonio ku Rome nkhondo itangotha kumene, maganyu kulibe, mwamwayi wapeza ntchito yomata maposita m'makoma koma akumuuza kuti popanda njinga ntchito palibe, pomwe njinga yake anaipinyolitsa kalekale kuti ana adye. Ndiye mkazi wake Maria akungolowa m'nyumba kusolola nsalu zoyala pabedi, kuzichapa, kupita nazo ku pinyolo kuti awombole njingayo. Apa ndi pomwe ine ndinadzuka kukhala tsonga, chifukwa kamera ikutsatira munthu wa pa pinyolo uja akukwera mashelefu ndi kamtolo kawo, kukwera, kukwera, mashelefu mpaka kudenga odzaza mitolo ya nsalu za mabanja ena. Palibe walankhula kuti taonani umphawi, wangoona wekha kuti tauni yonse ikugona pa matiresi opanda choyala.

Tsiku loyamba lomwelo la ntchito njinga yabedwa. Kuchokera pamenepo ndi bambo ndi kamwana kake Bruno kuyendayenda m'misika kusaka njinga basi. Malume anga ankapalasa kabaza pa Balaka ndipo njinga yawo inabedwapo ine ndili pulayimale, ndikukumbuka mmene anakhalira pakhonde osadya, nkhope yomwe ija ndinaionanso pa sikirini ndipo mtima unandiwawa ngati zachitika dzulo.

Funso langa ndi ili, chikuchititsa kuti filimu yopanda mitundu izioneka yokongola chonchi ndi chani? Nanga anthu amenewa anawatenga kuti, chifukwa sakuoneka ngati akusewera. Komanso ndionere iti ina yamtundu umenewu, ndalowa nazo chidwi.

Kamera_Pamapewa

Achimwene mwayamba ndi yeniyeni. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ndipo filimu imeneyi ndaionera kokwana mwina kasanu, nthawi zina ndimachotsa ndi voliyumu yomwe kuti ndingoona kuwala kokha.

Za anthuwo, mwaona bwino, sanali akatswiri a zisudzo. Bambo uja dzina lake Lamberto Maggiorani, ankagwira ntchito mu fakitale. Kamwana kaja ndi Enzo Staiola, De Sica anangokaona mumsewu nkukakonda maso ake ndi kayendedwe. Panali mkulu wina wa ndalama wa ku Hollywood, David O. Selznick, amene ankafuna kuthandiza koma akuti katswiri wotchuka wa mafilimu Cary Grant ndiye akhale bambo uja, De Sica anakana. Tangoganizani munthu wosalala ngati Cary Grant akulirira njinga, ndani akanakhulupirira? Maggiorani mapewa ake enieniwo ndi a munthu wotopa, suti yake ikumukhala ngati yobwereka, manja ake ndi a ntchito. Zimenezo sungaphunzitse munthu pa sabata ziwiri.

Za kukongolako, wogwira kamera anali Carlo Montuori. Nthawi imeneyo mafilimu ambiri a ku Italy a mtundu umenewu ankajambulidwa mumsewu weniweni, situdiyo yaikulu ya Cinecittà inali itaonongeka ndi nkhondo mpaka inasanduka malo osungirako anthu othawa kwawo. Ndiye mukachotsa mitundu diso lilibe chothawira, limangoona kuwala, mthunzi ndi nkhope. Khoma losweka, msewu wonyowa, chikhamu cha anthu pa basi, zonse zimaoneka thupi lake. Bwererani pamene paja mvula yawapeza pamsika akubisala pakhoma, muone mmene madzi akunyezimira pansi pomwe nkhope ya bamboyo ili mbuu. Mwa anyamata ovala mikanjo ya ku seminale amene akubisala nawo mvula pamenepo, mmodzi ndi Sergio Leone akadali mnyamata, yemwe uja anadzapanga mafilimu a makauboyi a Clint Eastwood amene tinkaonera m'mavidiyo sho.

Chinanso onani kuti kamera siimuyandikira bambo uja pafupipafupi. Nthawi zambiri akuoneka kakang'ono pakati pa nyumba zitalizitali ndi njinga za anthu ena zikungodutsa mazanamazana, yake yokha ndiye palibe. Ife tikamajambula timathamangira kuzuma pankhope munthu akangoyamba kulira, awa ayi, amakusiya uone kukula kwa tauni ndi kuchepa kwa munthuyo.

Namaseko_LSK

Ine ndikulemba ndili ku Lusaka. Aise Chembe, usaganize kuti zoterezi zinathera kwa azungu a kale. Saka I Am Not a Witch ya 2017, anapanga ndi Rungano Nyoni, mayi wobadwira konkuno ku Lusaka koma anakulira ku Wales. Anajambula mu Zambia ndipo Chinyanja chilimo chambiri moti sufunika kudalira kwambiri mawu olembedwa pansi aja. Ndi nkhani ya kamtsikana kamasiye Shula kamene akukanamizira ufiti nkukakatula ku kampu ya amayi onenedwa kuti ndi afiti. Amayi onsewo awamangirira maliboni oyera ataliatali kumsana, mbali inayo ili pa zikulungo zikuluzikulu, akuti asauluke. Ndiye pali malo ena kamera ili patali, munda wouma gwa, fumbi lokhalokha, lole yanyamula zikulungozo, maliboni akuuluzika ndi mphepo, kukongola kwake kumakuchititsa manyazi chifukwa ukudziwa kuti chokongolacho ndi chingwe chomangira munthu. Wogwira kamera ndi David Gallego wa ku Colombia.

Kamtsikanako ndi Maggie Mulubwa, kanali kasanaseweleko filimu chiyambire. Mu filimu monse kamalankhula mawu ochepa kwabasi koma maso ake ndiye eee, amakutsata mpaka kuchipinda. Ndi zomwezo akunena a Kamera za Bruno. Mayi Nyoni asanalembe anakakhala kaye ku kampu yeniyeni yotere ku Ghana, ndipo filimuyi inaonetsedwa ku chionetsero chachikulu cha mafilimu cha ku Cannes nkudzawina mphotho ya ku Britain ya BAFTA mu 2018. Ine ndinaonera ndi amayi anga aakulu, anangokhala duu mpaka kutha, kenako anayamba kundiuza za gogo wina wa kumudzi kwathu ku Chipata amene anamuthamangitsa iwo ali atsikana, nkhani yomwe anali asanandiuzepo.

Mjomba_wa_Ndirande

Ine ndisakunamizeni, ndinayesapo mafilimu amenewa ndipo ambiri amandichedwera. Munthu waweruka watopa, magetsi angobwera kumene, ukufuna kanthu kothamanga, ndiye uzikaonera munthu akuyenda mumsewu mphindi zitatu osalankhula? Komanso bandulo ndi yodula abale, sitingamaitayire pa chinthu choti mwina sutsiriza. Koma pa nkhani yosankha anthu osewerayo ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse. Ndinaonera The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 ija ya William Kamkwamba, zithunzi zake ndiye zinandigwira, Kasungu akuoneka Kasungu weniweni, dothi lofiira, chimanga chofota, thambo lopanda kamtambo, Gule Wamkulu pamaliro, zonse mwaulemu wake. Koma akangotsegula pakamwa ena mwa osewera akuluakulu aja khutu limadziwa kuti Chichewa ichi chaphunziridwa ukulu, pomwe Lily Banda akalankhula umamva kuti uyu ndi wa kwathu. Sindikunyoza, anayesetsa zedi ndipo kuphunzira chilankhulo cha eni si masewera, kungoti ife eni ake timamva kusiyanako. Nde funso langa kwa a Kamera, ngati De Sica anatola munthu wa mu fakitale nkutulutsa chinthu chomwe mukuchitamabe mpaka lero, ife chikutikanika nchiyani? Nkhope ndiye tili nazo zodzaza msika wa Limbe.

Kamera_Pamapewa

Mjomba funso lanu ndi labwino. Alipo akuyesa, a Charles Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, yachiwiriyo onani mmene anajambulira nyanja. Koma ambirife vuto ndi kuwala, osati kamera. Timajambula 12 koloko masana dzuwa lili paliwombo, khungu lathu lakudali limafuna kuwala kofewa kochokera m'mbali, ukalimenya ndi dzuwa la pamutu maso amalowa mumdima, chipumi chimang'anima, thambo limayera mbee ngati pepala. Yesani m'mawa dzuwa likungotuluka kapena chakumadzulo cha m'ma 4 kupita 5, kapena muikeni munthu pakhomo kuwala kuzilowera uku, wina agwire nsalu yoyera mbali inayo kuti ibweze kuwala pankhope. Ndi foni yomwe mutha kuona kusintha. Ndipo za kuchedwa mukunenazo, mupatseni mwayi De Sica, ndi ola limodzi ndi theka basi ndipo simuima kusaka njinga ija limodzi nawo.

Aphunzitsi_Opuma

Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma zafika pa nsalu yoyera ndalephera kupirira. Njira imeneyo yobweza kuwala ndi nsalu amene anaitchukitsa ndi Subrata Mitra wa ku India, ndipo nkhani yake ikulumikizana ndi filimu yomwe wayamba nayo Chembe. Mu 1950 Satyajit Ray, amene nthawiyo ankajambula zithunzi za otsatsa malonda ku Calcutta, anapita ku London pa ntchito ndipo kumeneko anaonera Bicycle Thieves. Anatuluka m'holomo atatsimikiza mtima kuti naye apanga filimu ya kumudzi, panja, ndi anthu wamba. Filimuyo ndi Pather Panchali, inatuluka mu 1955. Mitra pamene ankayamba anali ndi zaka 21 zokha, ankajambula zithunzi wamba, kamera ya filimu anali asanaigwiritsepo ntchito. Ndalama zinkatha pakati, mpaka zibangiri ndi mikanda ya golide ya mkazi wa Ray zinapita ku pinyolo, kenako boma la West Bengal ndi lomwe linathandiza kuti amalize. Nyimbo zake anaimba ndi Ravi Shankar.

Muli malo amene ine sindidzaiwala. Ana awiri, Apu ndi mlongo wake Durga, asochera kutali ndi mudzi m'dambo la udzu wautali wa ngayaye zoyera, akumvetsera kulira kwa mawaya pa mtengo wa telegalafu, kenako sitima ikutulukira ndi utsi wakuda bii pamwamba pa kuyera konseko. Aka nkoyamba kuona sitima. Atajambula mbali yoyamba anabwerera patapita masiku nkupeza ng'ombe zadya ngayaye zonse, anadikira mpaka nyengo yake ya chaka chinacho kuti amalize malo amenewo. Ine ndinakulira kufupi ndi njanji ku Salima ndipo ndimadziwa mmene mwana amathamangira akamva sitima, iwo anazigwira ndendende.

Ndipo pa nkhani ya nkhope, muli gogo wina wopindika msana, wopanda mano, Chunibala Devi, anali ndi zaka pafupifupi 80. Iyeyu anali wa zisudzo kale koma anthu anali atamuiwala. Muone mmene akudyera ndi zala, mmene akusungira kamtolo kake akamuthamangitsa pakhomo, mmene akumwetulira mwana akamubweretsera chipatso chakuba. Ndi agogo athu enieni a kumudzi. Anamwalira filimuyo isanaonetsedwe kwawo. Mjomba, iyi ndiye yochedwadi kuposa ya njinga ija, sindikubisirani, muionere Lamulungu masana mutapuma, osati usiku mutatopa.

Mukafuna ya kuno ku Africa ya nthawi yomweyo, sakani La Noire de... ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya 1966, ndi ya ola limodzi lokha. Mtsikana wa ku Dakar wapita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Antibes ku France, ndipo makoma oyera a nyumba ija ndi chigoba cha kwawo chopachikidwa pakhoma zimakuuzani zonse za kusungulumwa kwake. Amene muli ndi abale ogwira ntchito m'nyumba za anthu ku Joni kapena ku Oman idzakukhudzani.

Chembe94

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba maina onse pa kapepala. Aphunzitsi, nkhani ya ng'ombe zija yandidabwitsa, kudikira chaka chifukwa cha udzu. Usiku wathawu ndinabwereza ya njinga ija monga ananenera a Kamera, ndinatsitsa voliyumu. Ndaona zomwe sindinaone poyamba, pamene paja bambo walowa ndi mwana mu lesitilanti ndi tindalama take totsala kuti amupepese atamumenya mbama, Bruno akukoka tchizi ndi mano uku akucheukacheuka kuyang'ana mwana wa anthu olemera pa tebulo lina, ndipo kamera yangowaika onse awiri moti uone wekha. Komanso ndazindikira kuti dzina lija likunena akuba ambiri osati wakuba mmodzi, amene mwaonera mpaka kumapeto mukudziwa chifukwa chake, ena sindikuuzani. Pomaliza penipeni kamwana kaja kakugwira dzanja la bambo ake ali m'chikhamu cha anthu, ndinaimitsa pamenepo kanthawi ndisanapitirize.

Mjomba, flashi ndili nayo, sipafunika bandulo. Loweruka ndikhala ku Limbe, mukafuna ndikuponyerani mu foni. A Namaseko, ya ku Zambia ija ndiyamba nayo ndi amayi anga sabata ino.